Galimoto Yamagetsi Imene Sinatuluke

Mayi Elizabeth Shawa anafika ku polisi ya Chipata atavala ngati akupita kutchalitchi, koma nsapato zinali zosiyana, phazi lina yakuda, lina yofiirira. Sajeni Mainess Daka anaona nsapatozo asanaone nkhope. Mayiwo ankawadziwa. Anali aphunzitsi ake kalelo kusekondale, munthu amene ankabweza mwana kunyumba chifukwa cha batani losoweka pa malaya.

"Amuna anga sanagone kunyumba," anatero atakhala kumapeto kwa mpando. "Ndikudziwa zimene apolisi mumaganiza mkazi akanena zimenezi. Musaziganize. A Shawa amadwala shuga, ndipo mankhwala awo ali pathebulo."

Mainess anatseka chitseko cha ofesi n'kukhala pafupi nawo.

"Anachoka liti, aphunzitsi?"

"Dzulo, dzuwa lisanafike pamutu. Anati akupita kukaiyesanso galimoto ija."

"Galimoto iti?"

Mayi Shawa anafotokoza mwadongosolo ngati ali m'kalasi. Amuna awo, a Boaz Shawa, anapuma ntchito yophunzitsa zaumakaniko, ndipo masiku ano ankathandiza bungwe la alimi a mtedza la Tigwirizane. Bungwelo linatopa ndi mtengo wa dizilo. Popeza linali ndi masola ambiri padenga la nkhokwe yake, komiti inaganiza zogula galimoto yoyendera magetsi, yaikulu, ya mizere itatu ya mipando, yoti izinyamula alangizi kupita nawo kumidzi ya ku Chipangali ndi ku Kasenengwa. Wogulitsa anali Lyford Ngoma, mwini yadi ya magalimoto m'tauni. Komiti inapempha a Shawa kuti aiyese kaye: liwiro lake pa tala, mphamvu zake m'misewu yakumudzi, ndiponso ngati mtengo wake, woti munthu n'kugulira mathirakitala awiri, unali woyenera.

"Anaiyesa dzana, tsiku lonse," anapitiriza mayiwo. "Atabwerako sanadye bwino. Ndinawafunsa ngati galimotoyo ndi yoipa. Anati, 'Ayi, ndi yabwino kwambiri, ndipo n'zimene zikundivuta.' Dzulo m'mawa analandira foni, sindikudziwa kwa yani. Anamvetsera nthawi yaitali, kenako anatenga chipewa. Anati ulendo uno ayendetsa okha, msewu wa ku Kasenengwa, ndipo saima pena paliponse."

"Nanga foni yawo?"

"Inkalira osayankhidwa mpaka madzulo. Tsopano siikulowa n'komwe."

Mainess anayang'ana pawindo. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo ngakhale kunali kudakali m'mawa, malata a ofesi anali atayamba kale kulira ndi kutentha. Munthu wa shuga, wosadya, wopanda mankhwala, padzuwa loterolo. Sanafune kuganiza mopitirira pamenepo.

Mainess akuimirira, mayi Shawa anamugwira dzanja, ndipo kwa nthawi yoyamba anamutchula dzina monga ankachitira kale.

"Mainess, usandinamize. Ukadziwa kanthu undiuze momwe kalili."

* * *

Galimotoyo inali pakati pa yadi ya Lyford Ngoma, yoyera mbuu, mawindo akuda, yaikulu ngati kanyumba. Mainess anaima pageti. Ankayembekeza kupeza malo opanda kanthu ndi munthu wothawa, koma galimoto inalipo, ndipo mwini wake anali kubwera akumwetulira, manja atatambasula.

"A madamu! Mwabwera kudzaona bebi wanga? Apolisi mukufunika yotereyi, mbava sizingakumveni mukubwera."

Anali mwamuna wonenepa bwino, wa malaya a manja aatali ngakhale kunali kotentha, thalauzi la suti, koma kumapazi atavala patapata.

"Tikufuna a Boaz Shawa," anatero Mainess. "Akazi awo akuti dzulo anatuluka ndi galimoto iyi."

"Madala aja? Anabweradi, koma sitinapite kulikonse. Ankafuna tesiti yachiwiri, ine ndinati madala, iyi si minibasi yoti aliyense azikwera akafuna. Dzana anaiona yonse. Pa tala wa ku Mwami ndinangoponda pang'ono, mutu wawo unamamatira kumpando. Phiri la Kanjala inakwera ngati pali flati. Ku Chipangali, m'mabampu muja, ndinangodina batani, yokha inanyamuka m'mwamba ngati mzimayi wokweza chitenje powoloka madzi. Mawilo onse anayi amakoka. Anthu seveni. Dizilo ayi, oyilo ayi. Ukaitchaja kamodzi, Petauke n'kubwerako. Ndiye ayesenso chiyani?"

"Ndiye anapita kuti?"

"Anatuluka pageti apo wapansi, atakwiya. Kumene analowera sindikudziwa."

Konsitebo Goodson Miti, amene ankayendetsa galimoto ya polisi, anagona chagada n'kulowetsa mutu pansi pa galimotoyo. Anatuluka akupukusa mutu. Kunsi kunalibe udzu, kunalibe dothi latsopano, matayala anali oyera.

"Galimoto imatsukidwa," anatero Mainess.

Lyford anaseka. "Zoona, a madamu. Koma bwerani muone ichi, chimene sopo sangachite."

Anatsegula chitseko, n'kudina batani. Sipanamveke kulira kulikonse, koma galasi lalikulu la kutsogolo linayaka. Analoza chithunzi cha batire, chobiriwira kuyambira pansi mpaka pamwamba.

"Fulu. Ndinaitchaja dzana titabwerako. Ndipo malaiti kuno anapita dzulo mbandakucha, mpaka pano sanabwere. Jenereta ndilibe, funani yadi yonse. Tsono mundiuze: ikanapita ku Kasenengwa n'kubwerako, ndikanaidzaza ndi chiyani? Ndi makandulo?"

Mainess anatuluka n'kukafunsa pa shopu yowotcherera zitsulo imene inali moyandikana. Mwini wake anali atakhala pabenchi, manja ali m'thumba. Inde, malaiti anapita dzulo kusanache. Ayi, jenereta sanaimve, ndipo ya mphamvu yotchaja chinthu ngati chimenecho ikanamveka mpaka kumsika. Za kutuluka kwa galimoto sakanatha kunena, chifukwa ataona kuti ntchito palibe anapita kunyumba.

Atabwerera m'galimoto ya polisi, Goodson anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Abwana, munthuyu akunama, nkhope ikuonetsa. Koma batire silinama."

"Ine sindinatchule Kasenengwa," anatero Mainess chapansipansi. "Watchula yekha."

"Mwina madalawo anamuuza kumene ankafuna kupita."

"Mwina."

Zinali zotheka ndithu, ndipo n'zimene zinamuwawa. Akanamugwira Lyford pamenepo, akanakhala naye m'chipinda mpaka madzulo akumva za mawilo anayi, dzuwa likukwera. Anayang'ana foni yake. Mayi Shawa anali atamuimbira kale, ndipo analibe chowauza.

"Pa tesiti ya dzana panalinso ndani?" anafunsa Goodson.

Mainess anakumbukira kuti zimenezo sanafunse. Anaimbira mayi Shawa, ndipo foni sinalire n'komwe kawiri.

"Mwawapeza?"

"Ayi, aphunzitsi. Ndifuna kudziwa amene anakwera nawo dzana."

Mawuwo anabwera, owuma: "Apampando a bungwe. Mayi Tereza Mvula."

* * *

Anawapeza mayi Tereza kunkhokwe ya bungwe, atakhala pa thumba la mtedza, akudzikupiza ndi chikatoni. Anali mayi wathupi lalikulu ndi mawu aakulu, koma atamva kuti a Shawa sanagone kunyumba, chikatonicho chinagwa.

"Mayo ine! Ndine ndawapereka. Ndine ndinawaimbira foni dzulo."

"Munawauza chiyani, mayi?"

"Dikirani, mwananga, ndiyambe poyambira, apo ayi ndisokoneza. Dzana a Shawa anati ine ndikhale kumbuyo kwenikweni, mzere wachitatu uja, kuti tione ngati munthu wamkulu angakwanemo. Ine! Ndinalowa chokwawa ngati ndikulowa m'khola la nkhuku, maondo kufika kuchibwano. Kumeneko n'kwa ana asukulu, musanamizidwe. Koma kuyenda kokha, ayi, ndisaname, imayenda. Ku Chipangali tinadutsa mumchenga umene lole yathu imatitimira chaka chilichonse, iyo osatsokomola n'komwe. Chinkandiopsa n'chakuti sikulira. Mbuzi sizithawa, anthu apanjinga satembenuka, umangoona munthu wadzidzimuka uli kale pambali pake."

"Nanga foni ija?"

"Ndikubwera kumeneko. Pobwerera, a Shawa ankangoyang'ana pagalasi paja n'kumafunsa kuti bwanji batire latsika msanga chonchi, latsala pang'ono kufika pofiira. Lyford anati chithunzicho chimasokonezeka ndi mabampu, galimoto ikapuma chikhazikika. Ndiye anati tikadye kaye, wogula ndi iye. Anatitengera kumalo odyera a pamsewu wa ku Mwami, anatitsitsa pakhomo, nati iye akaimike galimoto pamthunzi kuseri, batire silifuna dzuwa. Titadya anakaitenga. Tikuyang'ana pagalasi, batire labwerera m'mwamba! A Shawa anangoti, 'Hmm.' Mukuwadziwa mmene amachitira."

Mainess anazibwereza mumtima. Batire limene limadzaza lokha munthu akudya.

"Tsono pali kanthu kena," anatero mayi Tereza, mawu atatsika. Anayang'ana Goodson, kenako pansi. "Musandiseke. Potsika kuja kokadya, ndinakanika kutuluka. Ndinagwira kalamba kakuda kamene kali pampando, kokokera kuti mpando upindike, n'kudzikoka nako. Kanaduka! Kanatsalira m'manja mwanga. Ndinachita mantha, ndinati galimoto yodula chonchi andiuza kuti ndaiwononga. Ndinakaponya m'chikwama, osauza munthu. Titadya, ndikulowanso, ndikuyang'ana pampando paja, kalamba kali pomwepo. Kabwinobwino, kosokedwa, ngati sindinakagwirepo. Ndinazizidwa thupi lonse. Usiku sindinagone, ndinkati kapena mutu wayamba kundisokonekera. M'mawa ndinati ayi, ndiwauze a Shawa."

"Kalambako mudakali nako?"

Mayi Tereza anatsegula chikwama, anasuntha mipango ndi makiyi, natulutsa kachingwe kakuda kotalika ngati chala, ulusi uli wiliwili kumene kanadukira.

Mainess anakatenga. Ku yadi kuja, Lyford akuonetsa batire, iye anasuzumira kumbuyo kufuna magazi kapena chipewa. Mipando yonse inali yaudongo, ndipo sanaone chodukapo chilichonse.

"A Shawa anati chiyani mutawauza?"

"Anamvetsera zonse. Kenako anati, 'Mayi, musadandaule, mutu wanu uli bwino. Kuseri kuja ndiye kunali nkhani.' N'kudula foni."

Mainess anatembenukira kwa Goodson, amene anali atatsegula pakamwa.

"Galimotozi zilipo ziwiri," anatero Mainess. "Zofanana, nambala imodzi. Mabatire ake ndi otha, iliyonse payokha siifika patali. Ina anaibisa kuseri kwa malo odyera itadzaza, ndipo anasintha anthu akudya. Dzulo a Shawa anakana kuima panjira, ndiye panalibe posinthira. Imene taiona ku yadi sinatulukedi, ankaisunga kwina n'kuibweretsa madzulo. Imene inatuluka ndi inzake."

"Ndiye inzakeyo ili kuti?" anafunsa mayi Tereza.

Mainess anali akuthamangira kale ku galimoto, foni ili kukhutu. Anauza anzake a ku siteshoni kuti apite msanga ku yadi akamugwire Lyford Ngoma. Asanafike n'komwe pamphambano yotulukira m'tauni, foni inalira. Geti la yadi linali lokhoma. Galimoto yoyera ija panalibe, ndipo wowotcherera zitsulo uja ankati ulendo uno waiona ndi maso ake ikulowera cha ku Mwami, kumalire a dziko.

"Imbirani a pachipata cha malire atseke," anatero Mainess. "Ife sitibwerera."

* * *

Msewu wa ku Kasenengwa unali fumbi lokhalokha. Goodson ankathamanga mmene akanathera, galimoto ikudumpha, zitsulo zikulira, koma kwa Mainess zinkaoneka ngati aima. Ankayang'ana uku ndi uku: minda yotentha, mitengo ya mango, tinjira tosawerengeka tolowera kumidzi. Galimoto yoyera, yaikulu ngati kanyumba, ikanakhala pa kanjira kalikonse mwa timeneto.

Anaima pa golosale ina, anaimanso pachigayo. Amayi ena anati anaiona dzulo masana, inawadutsa ngati mphepo mpaka mwana anagwetsa ndowa. Kubwerera ayi, sanaione. Ndiye inapita, ndipo sinabwerere. Koma Lyford anabwerera.

"Wapansi sangafike m'tauni," anatero Mainess. "Ima pamene pali anjinga zamoto."

Pamphambano ina, pansi pa mtengo wa mkuyu, panali amuna angapo atakhala panjinga zawo kudikira okwera. Ataona apolisi, awiri analiza njinga n'kuchoka. Amene anatsala anali bambo wa ndevu za imvi, wa jekete lachikopa long'ambika m'mapewa. Anati dzina lake ndi Ackim Jere, ndipo mapepala a njinga ali nawo onse.

"Sindikufuna mapepala, bambo. Dzulo madzulo, kodi pali amene ananyamula munthu wa m'tauni, wonenepa, wovala bwino?"

Ackim anayang'ana kumwamba ngati yankho lili m'masamba a mkuyu.

"Anthu timanyamula ambiri."

"Pali munthu wodwala amene watayika kuthengo kuno. Tikachedwa amwalira."

Bamboyo anatsitsa maso n'kumuyang'ana bwinobwino. Anali munthu wosawononga mawu.

"Ndinamunyamula ine."

"Anali bwanji?"

"Thukuta. Nsapato zosongoka, imodzi itang'ambika. Pamkono wa malaya magazi. Anati ndi kamfuno."

"Anati akuchokera kuti?"

"Anati kumaliro. Koma kuno kulibe maliro sabata ino."

"Munamutenga pati?"

"Kutsogoloku, pamene njira ya ngolo imatsikira kumtsinje wouma. Anatulukira m'tchire."

"Anali yekha?"

"Yekha. Koma panjira anandifunsa ngati ndikudziwa munthu wa thirakitala woti n'kukoka katundu wolemera usiku, osafunsa mafunso. Ndinati sindikumudziwa."

"Tiperekezeni."

Ackim anangoponda njinga yake n'kutsogola.

* * *

Njira ya ngoloyo inali yopapatiza, minga ikukanda galimoto mbali zonse. Pamene inayamba kutsetsereka, Goodson anaimitsa, kuopa kutitimira, ndipo anatsika n'kuyamba kuthamanga. Pamchenga panali mapazi a matayala aakulu, otakata, opita kutsogolo okhaokha. Mainess anawatsata. Dzuwa linali pamutu penipeni, mchenga ukuotcha kudzera m'nsapato.

Matayalawo anatsikira mumtsinje, anayenda pang'ono m'mchenga wakuya osatitimira, n'kukhota kuseri kwa matanthwe. Pamenepo panali mulu wa nthambi zodulidwa, masamba atafota, ndipo pakati pa masambawo pankawala chinthu choyera.

"A Shawa!" anafuula Mainess. "A Boaz Shawa!"

Kunangoyankha nyenje.

Anayamba kukoka nthambi, iye, Goodson ndi Ackim, minga ikuwabaya m'manja. Pa mwala wina pafupi ndi tayala lakumbuyo panali banga lakuda louma, ntchentche zikuzungulirapo, ndipo pambali pake panali chipewa. Mainess anachiona n'kutembenuza nkhope. Anakanikiza chipumi pawindo, manja atatchinga m'mbali, koma galasi linali lakuda ndi lotentha ngati chiwaya. Mpando wa dalaivala unali wopanda munthu. Mzere wachiwiri chimodzimodzi.

Anafuna chogwirira chitseko, koma panalibe chogwira. Zogwirira za galimotoyo zinali zolowa m'kati, zongotuluka magetsi akakhalapo, ndipo magetsi anali atatheratu. Goodson anayesa kuzitokosa ndi kiyi, anamenya chitseko cha kumbuyo ndi chibakera. Palibe chinasuntha.

Pamenepo Mainess anamva kanthu. Anakweza dzanja kuti onse akhale chete.

Go. Kenako patapita kanthawi, go. Phokoso lofooka, ngati chidendene chikugunda pulasitiki, kuchokera kumbuyo kwenikweni.

"Mwala!" anakuwa.

Ackim anali atanyamula kale. Anamenya windo la pakati, kutali ndi kumene kunkachokera phokosolo. Galasi linangochita ming'alu. Anamenyanso, namenyanso, mpaka linagwera m'kati ngati mchere. Mpweya umene unatuluka unali wa mu uvuni, wonunkha thukuta ndi mkodzo.

Mainess anavula jekete, analiyala pa magalasi osweka, n'kulowa chamutu. Anakwawa pa mipando ya pakati n'kusuzumira kuseri. A Shawa anali atagona chopindika pa mzere wachitatu, manja atamangidwa kumbuyo ndi chingwe chotchajira, magazi ataumira kumbali kwa mutu. Milomo inali yosweka, yoyera. Maso anali otseka, koma phazi limodzi linali likugundabe khoma la galimoto, pang'onopang'ono, ngati likuchita lokha.

"Ababa, ndine wapolisi. Tabwera. Lekani kugunda, tamva."

Phazilo silinaleke mpaka analigwira ndi dzanja.

Mpando wa pakati unafunika kupindidwa kuti awatulutse, koma kalamba kokokera kanali kodukira m'munsi. Anakanda ndi zikhadabo pofuna kotsalako, osakagwira. Goodson anamupatsira mpeni pawindo. Mainess anadula chingwe cha m'manja, anang'amba nsalu ya mpando mpaka anapeza waya wa m'kati, n'kuukoka ndi mphamvu zake zonse. Mpando unagwa. Anawakoka m'khwapa, mafupa okhaokha koma olemera, ndipo amuna awiri aja anawalandirira pawindo n'kukawagoneka pamthunzi wa thanthwe.

Ackim anabweretsa botolo la madzi la panjinga yake. Mainess ananyowetsa mpango, anawapukuta kumaso ndi m'khosi, n'kuwadonthezera pang'ono pamilomo. Kwa nthawi yaitali palibe chinachitika. Kenako pakhosi panayenda.

Maso anatseguka pang'ono, osaona bwino. Milomo inagwedezeka, ndipo Mainess anaika khutu pafupi.

"Inathera... apa," ananong'ona a Shawa. "Ndinamuuza kuti... ndikanena. Anandikankha."

"Tikudziwa, ababa. Musalankhule."

"Ndinamva... akudula nthambi. Ndinamuitana dzina. Anamva."

Mainess anayang'ana mulu wa nthambi uja. Lyford anaziunjika pofuna kubisa galimoto, akudziwa kuti munthu ali moyo m'katimo, ndipo mthunzi wa nthambi zomwezo ndi umene unawasunga mpaka masana ano.

Anawanyamula atatu kukwera mtunda, mapazi akutitimira mumchenga. Anawagoneka pampando wakumbuyo wa galimoto ya polisi, mutu uli pamiyendo ya Mainess. Ackim anatsogolanso ndi njinga yake, akuliza hutala kuti ngolo ndi ng'ombe zipatuke.

Atafika pamsewu waukulu, pamene mafoni amagwira, ya Goodson inalira. Anamvetsera akuyendetsa ndi dzanja limodzi.

"Amugwira pa Mwami, abwana. Anali pamzere kuseri kwa malole. Ataona apolisi anasiya galimoto n'kuthamanga, koma ndi patapata sanafike patali."

Mainess anangogwedeza mutu. Zala zake zinali pamkono wa a Shawa, pamene mtsempha unkagunda mofulumira ndi mopepuka, nthawi zina n'kusowa, n'kubweranso. Pa bampu iliyonse ankautaya, ndipo ankaufunafuna mtima uli m'mwamba mpaka ataupeza. Tauni inali idakali kutali. Ndi dzanja linalo anatulutsa foni yake n'kuimba.

Ulendo uno inalira nthawi yaitali. Mainess anadziwa kuti mayiwo aigwira m'manja, akuiyang'ana, akuopa kuyankha.

"Ndikumva," anatero mawu aja pomaliza.

"Aphunzitsi, tawapeza. Ali moyo. Avulala m'mutu ndipo afooka kwambiri, sindikudziwa ngati tifike nawo bwino. Tikupita kuchipatala chachikulu. Tengani mankhwala awo mukatipeze kumeneko."

Sipanamveke kulira kapena kufuula, koma mpweya wokha, wautali, wonjenjemera.

"Akumva?"

"Pang'ono."

"Ikani foni pakhutu pawo."

Mainess anaiika. Sanamve zonse zimene zinkanenedwa, koma mawuwo anali okhwima, a m'kalasi, osapempha koma olamula. Anamva dzina lakuti Boaz katatu konse, ndiponso mawu akuti "musayerekeze." Pansi pa zala zake mtsempha uja unkagundabe. Kenako dzanja la a Shawa linanyamuka pang'onopang'ono, linafufuza m'mwamba mpaka linapeza foniyo, n'kuikanikiza lokha kukhutu.

"Goodson," anatero Mainess, "ponda."